Galimoto yothamanga ilibe pothamangira mu Lilongwe

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa mkangano womwe sukutha pakati pa anyamata athu muno mu Lilongwe: kodi galimoto yeniyeni ndi iti pakati pa zothamanga za zitseko ziwiri zija ndi tigalimoto tosamwa mafuta monga Vitz, Passo, Demio ndi Fit? Ndine makaniko, ndimagwira ntchito ku Biwi, ndipo manja angawa alowapo m'mainjini a mbali zonse ziwiri. Zomwe anthu amakamba pa Bwandilo Loweruka madzulo ndi zomwe ine ndimaona galimoto ikakwera pajeke ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Tiyambe ndi za papepala, poti ndi zomwe anyamatawa amaloweza. Vitz yomwe yadzaza m'tauni muno ndi ya 1000cc, masilinda atatu, injini yotchedwa 1KR, mahosipawa (muyezo wa mphamvu ya injini) osafika 70. Toyota 86, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2012, ili ndi injini ya 2000cc yopangidwa mothandizana ndi kampani ya Subaru, mahosipawa 200, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Mukakwera pamwamba mupeza Nissan Fairlady Z ya 3500cc kapena 3700cc, BMW M4 ya mahosipawa opitirira 400, ndi Ford Mustang GT ya 5000cc, masilinda 8, yomwe kuyambira 2015 imapangidwanso ndi chiwongolero chakumanja ngati zathu zino. M4 ikadzuka pamalo oima, pamasekondi osakwana 5 imakhala itafika 100. Vitz panthawi imeneyo imakhala ikadali kuganiza.

Ndisakunamizeni, galimoto zothamangazi ndimazikonda. Munthu aliyense amene anatsegulapo injini amadziwa kuti mmenemo munalowa nzeru. Injini ya 86 masilinda ake amagona chammbali, awiri uku awiri uku, n'cholinga choti kulemera kukhale pansi, ndiye pakona galimoto sipendama. Mabuleki ake amagwira osatopa ngakhale muwapondeponde potsika phiri. Ndipo pali malo amodzi pomwe mphamvu imeneyi imapulumutsadi moyo: kupitirira thiraki. Amene munakwerapo chitunda cha ku Dedza pa Vitz muli anthu asanu, katundu kubuti, AC ili yoyatsa, thiraki ya simenti ikukwawa kutsogolo, mukudziwa mmene mtima umagundira ukatuluka kumanja n'kuona basi ikubwera, phazi lili pansi koma kagalimoto kakungolira osasuntha. Wa 86 pamenepo amangotsitsa giya imodzi, basi wadutsa wabwerera kumanzere. Pamenepo sindingatsutse.

Koma funso langa kwa achimwene okonda liwiro ndi lakuti, mphamvu yotsalayo mukaigwiritsa ntchito kuti? Zikwangwani za m'tauni zimati 50 kapena 60. Kunja kwa tauni palibe msewu m'Malawi muno womwe lamulo limakulolani kupitirira 100, ndipo apolisi apamsewu ndi kamera yawo amakonda kubisala pomwe msewu wawongoka bwino, pomwe phazi limayabwa. Kuchoka ku Kanengo kupita ku Old Town nthawi ya m'mawa, amene amalamula liwiro si injini yanu. Ndi minibasi yomwe yaima pakati pamsewu kukweza munthu, ndi njinga yamoto ya kabaza yomwe yatulukira kumanzere kwanu yanyamula anthu atatu opanda zipewa, ndi mzere wa pa mlatho wa Lilongwe kulowera ku Malangalanga. Pamenepo Mustang ndi Passo zimayenda mofanana ndendende, ndipo kabaza amazisiya zonse. Galimoto ya mahosipawa 400 pamzere wotero ili ngati galu wosaka amene amumangirira patsinde la mango: amangouwa.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti galimoto zopangidwira msika wa ku Japan amazitsekera pa 180, kaya ndi Vitz kaya ndi Fairlady Z. Kompyuta ya galimoto imakaniza yokha. A ku Germany nawo M4 amaitsekera pa 250. Ndiye mnyamata akamadzitama kuti yake ya ku Japan inafika 240 pa Western Bypass, mwina anachotsetsa chotsekeracho, mwina akungocheza. Ndimakhulupirira kwambiri zachiwirizo.

Misewu yatsopanoyi ndiyo yawonjezera chiyeso. Chimalizireni mphambano yosanja ya pa Area 18 ndi kukuza Kenyatta Drive, pali timizere tosalala tomwe usiku timaoneka ngati tikuitana munthu. Timamva ndithu kubangula kwa ekizozi pakati pausiku. Koma samu yake ndi yosavuta: galimoto yoyenda 100 imadutsa mamita pafupifupi 28 pasekondi iliyonse, ndipo mukachulukitsa liwiro kawiri, mtunda woimira umachuluka kanayi. Buleki yabwino singasinthe samu imeneyi, imangoichepetsako pang'ono. Lilongwe ndi tauni ya anthu oyenda pansi. Alonda opita kuntchito usiku, amayi opita kukapikula ndiwo mbandakucha, ana owoloka pomwe palibe mizere, onsewa ali pamsewu womwewo, ndipo magetsi a m'misewu sayaka ponse. Kuwonjezera apo, galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo ili ndi khalidwe lake mvula yoyamba ikagwa pa fumbi ndi oyilo wa chilimwe chonse: mukaponda mafuta pakona, kumbuyo kumafuna kupitirira kutsogolo. Munthu amene anaphunzira kuyendetsa pa Vitz, yokoka ndi akutsogolo, sanakumanepo nazo zimenezo, ndipo amakumana nazo koyamba ali kale mu ngalande.

Tsopano mafuta, pomwe pagona nkhani yeniyeni. Anthu amangoyang'ana kuchuluka kwa malita, koma vuto loyamba ndi mtundu wake. Ku Japan pampu imakhala ndi petulo wamitundu iwiri, wamba ndi wapamwamba. Vitz inapangidwa kuti izimwa wamba. Toyota 86, Fairlady Z ndi M4 zinapangidwa kuti zizimwa wapamwambayo, chifukwa injini zake zimapanikiza mpweya kwambiri, ndipo petulo wofooka amaphulika nthawi isanakwane. Kuno pampu ya petulo ndi imodzi, wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo tonse timamwa yemweyo. Kompyuta ya injini ikamva kugogoda imadziteteza pochepetsa mphamvu. Ndiye kuti mahosipawa omwe munalipira aja ena mwa iwo simudzawaona n'komwe. Choipitsitsa chimabwera mafuta akasowa. Mwini Vitz akagula malita asanu a m'chigubu kuseri kwa msika, kagalimoto kake kamatsokomola koma kamayenda. Petulo yemweyo, amene mwina wathiridwa palafini kapena wagona m'chigubu chadothi, akalowa m'manozo a 86, omwe ena amapopera mwachindunji m'silinda, ndi mwezi wathunthu galimoto ili kugalaja.

Za malita ndinene zomwe timaona kugalaja, osati za m'kabuku ka kampani. Vitz ya 1000cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita 15 kapena kuposerapo pa lita. Mustang ya masilinda 8 m'tauni muno, ndi kuimaima kwathuku, ikakupatsani 6 muthokoze. Titenge munthu woyenda makilomita 30 patsiku, masiku 26 pamwezi. Vitz imwa malita 52, Mustang imwa 130. Pa mtengo wa K2,530 pa lita womwe MERA inalengeza mu Novembala 2023, Kwacha itangogwa ndi 44 peresenti, wina ndi K131,560 pamwezi, winayo ndi K328,900. Mtengo umenewo unakwera kale, koma kusiyana kwake kudakali komweko, kawiri ndi theka. Ndipo pamzere wa mafuta paja akamati aliyense malita 20 okha, wa Vitz amapita kwawo ndi mafuta a masiku 10, wa Mustang amabweranso pamzere pakangotha masiku 4.

Pa za pansi pa galimoto ndikufuna ndikonze bodza lina lomwe ngakhale okonda Vitz amalifalitsa. Amati Vitz ndi yokwera. Ayi. Pansi pa Toyota 86 pali masentimita 13, pansi pa Vitz pali pafupifupi 14. Kusiyana kwa chala chimodzi. Zonsezi zinapangidwira misewu ya ku Nagoya, osati ya kwa Chinsapo kapena kwa Mtandire mwezi wa Febuluwale. Chomwe chimasiyanitsa ndi mphuno ndi matayala. Galimoto yothamanga ili ndi mphuno yaitali yogwera pansi, ndiye pa hampu bampala ndiye amayamba kulonjera. Vitz ndi yaifupi, matayala ali kumakona, imakwera hampu isanagunde. Mashoko a yothamanga ndi olimba dala, choncho dzenje lililonse limafika pamsana panu ndi pa mabushi onse osachepetsedwa.

Matayala ndiwo amaliza anthu. Werengani manambala olembedwa pambali. Tayala la Vitz la 165/70 R14 lili ndi khoma la masentimita 11 ndi theka kuchokera pa limu kufika pansi. La 86, 215/45 R17, khoma lake silifika masentimita 10. La kutsogolo kwa M4, 255/35 R19, ndi masentimita osakwana 9. Khoma limenelo ndilo khushoni yanu mukagwera m'dzenje lakuthwa m'mphepete. Likachepa, tayala limatsinidwa pakati pa phula ndi limu, limatupa chithuza pambali kapena kung'ambika, ndipo limu imapindika kapena kusweka. Tayala la saizi 14 mulipeza paliponse, latsopano kapena lakaunjika, ngakhale pa Mponela kapena pa Nathenje. La saizi 19 likaphulika pa Linthipe Lamlungu masana, mugona pomwepo kapena muitana galimoto yonyamula. Zina mwa galimoto zimenezi sizibwera n'komwe ndi tayala lapadera, amangokuikirani kabotolo ka zomatira ndi kapampu, zomwe pa tayala long'ambika pambali sizithandiza kanthu.

Masipeya ndiye kwathu. Injini ya 1KR ili mu Vitz, ili mu Passo, ili mu Belta, ndiye koyilo, pampu ya madzi, sensa kapena injini yathunthu mumaipeza poyenda wapansi pakati pa Biwi ndi Mchesi, ndipo mwana aliyense wophunzira ntchito amaidziwa. Kusintha mapulagi atatu a Vitz ndi ntchito yoti mwini galimoto amadikira akumwa thobwa. Pa 86 mapulagi ali m'mbali mwa injini, mopanikizana ndi chitsulo cha thupi la galimoto, moti amakaniko ena amachita kumasula injini n'kuikweza pang'ono kuti dzanja lilowe. Kunabwera bwana wina kugalaja kwathu ndi galimoto yokongola ya ku Germany ya zitseko ziwiri, vuto lake kachipangizo kakang'ono kokwana m'thumba la shati. Tauni yonse kunalibe. Anaitanitsa ku Joni, koyamba kanabwera kolakwika, kachiwiri kanachedwa chifukwa ndalama zakunja zinavuta kupeza. Nthawi yonseyo bwanayo ankabwera kudzaiona galimoto yake atakwera Passo ya akazi awo, ndipo sindinamvepo akuidandaula Passoyo.

Ngakhale isanafike pamsewu, galimoto ya injini yaikulu imakhala itakudyani kale. Zambiri zimatsika padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe mofanana, koma msonkho wa MRA umayang'ana mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Injini ikakula msonkho umakwera, galimoto ikakalamba umakweranso. Ndiye Fairlady Z yakale yomwe pa intaneti ikuoneka yotchipa ija imagundidwa mbali zonse ziwiri. Onjezani inshuwalansi. Tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa, ogula ake mu Lilongwe ndi owerengeka, ndipo onse akudziwa kuti mwapanikizika. Vitz mukaiika pamsika m'mawa, pofika madzulo foni yatentha.

Za mipando sinditaya nthawi. Fairlady Z ili ndi iwiri basi. 86 ili ndi inayi papepala, koma yakumbuyoyo munthu wamkulu sangakhalemo kufika ngakhale pa Lumbadzi. Ife Amalawi galimoto si ya munthu mmodzi. Kumudzi kukagwa zovuta, apongozi, azakhali ndi thumba la ufa zonse zimayang'ana kwa inu, ndipo simungauze apongozi kuti awerame, mupinde mpando, alowe chokwawa.

Apa okonda tigalimoto tating'ono asayambe kuomba m'manja, chifukwa ambiri omwe amandipatsa ntchito ndi iwowo, ndipo mavuto ake ndi odzipangira. Vitz zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, yoyenda ndi lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imafuna mafuta akeake. Anthu amathiramo mafuta a otomatiki wamba chifukwa ndi otchipa, kapena osasintha n'komwe chigulireni, kenako galimoto imayamba kunjenjemera podzuka, mapeto ake giyabokosi yonse yapita. Ena amaisandutsa lole: matumba a chimanga asanu ndi limodzi kuchokera ku Mitundu, anthu anayi pamwamba pake, kumbuyo kukukhula pansi. Injini ya masilinda atatu imanjenjemera mwachibadwa, ndiye mamaunteni ake amatha msanga, koma mwini amangokweza wailesi. Ndipo kagalimoto kolemera pafupifupi tani imodzi kali ndi malire ake pa M1. Kuyenda nako 130 kupita ku Blantyre pa matayala akaunjika osadziwika zaka zake n'koopsa kuposa kuyenda liwiro lomwelo pa 86, chifukwa mabuleki, matayala ndi mashoko ake sanapangidwire zimenezo. Mwa galimoto zophwanyika zomwe zimakokedwa kubwera ku Biwi, zothamanga zenizeni n'zochepa. Zambiri ndi tating'ono tomwe eni ake ankatiyesa tothamanga.

Gulu limenelo ndilo limandimvetsa chisoni kwambiri. Mnyamata wagula Vitz kapena Demio yabwinobwino, ndalama ya 86 alibe, ndiye akubwera kuti madala, mudule masipuling'i itsike, muike malimu a saizi 17, muchotse sailensa izilira. Ndimawauza kuti achimwene, mukatero mwatenga mavuto onse a galimoto yothamanga popanda kutengako ubwino wake ngakhale umodzi. Mahosipawa akadali 69 omwe aja. Malimu aakulu ndi olemera, ndiye yayamba kuchedwa kudzuka ndi kumwa mafuta ambiri. Sipuling'i yodula sigwirizananso ndi shoko, galimoto imadumphadumpha, ndipo sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, ili pafupi ndi mwala uliwonse wa ku Area 36. Phokoso lokha ndilo lawonjezeka, loti agogo odwala m'nyumba za m'mbali mwa msewu asagone. Ena amamva, ena amapita kugalaja ina.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti anyamata onyoza Vitz, omati ndi kagalimoto ka amayi kopitira kumsika, sadziwa mbiri ya banja lake. Vitz, yomwe inayamba mu 1999, ndi yomweyo imatchedwa Yaris m'maiko ena, ndipo mu 2020 ku Japan komwe anasiya dzina la Vitz n'kutenga la Yaris. Toyota inapambana mpikisano wa dziko lonse wa galimoto za m'misewu yafumbi ndi yamapiri, wa WRC, mu 2018 ndi galimoto yomangidwa pa Yaris. Pomwe Safari Rally ya ku Kenya inabwerera mumpikisanowu mu 2021, Sébastien Ogier anapambana pa Yaris. Zoona, mkati mwa galimoto ya mpikisanoyo mulibe chofanana ndi ya mlongo wanu, koma zikuonetsa kuti pa msewu woipa akatswiri amasankha thupi lalifupi lopepuka. Nayo 86 dzina lake inalitenga kwa AE86 ya mu 1983, yomwe inali Corolla. Ndiye kunyozanaku n'kwa pachibale.

Kwa amene ali nazo ndalama zogulira galimoto ziwiri, yothamangayo ikhale yachiwiri, yotulutsa Lamlungu kupita kunyanja ku Salima msewu ukakhala wokonzedwa, ine ndilibe nawo mawu, ndipo abwere nayo ndiione. Thukuta ndi lawo. Amene ndikulankhula nawo ndi mnyamata yemwe wagwira ntchito zaka ku Joni kapena watenga ngongole kubanki, galimoto yake yoyamba ndi yokhayo, ndipo akufuna kuthira zonse mu Fairlady Z ya zaka 15 chifukwa anzake pa Facebook aivomereza. Ameneyo ayambe wafunsa mtengo wa matayala anayi, afunse kuti ndani mu Lilongwe ali ndi kompyuta yowerenga galimoto imeneyo, ndipo ayende wapansi msewu wochoka pa phula kufika pageti pa nyumba yomwe akuchita lendi, akuyang'ana pansi.

Ndili ndi mapempho awiri kudzera m'nyuzi yanu. Loyamba kwa oyang'anira misewu: mahampu akhale a muyezo umodzi ndipo apakidwe penti. Ena ndi otambalala bwino, ena ndi mizere ya simenti yosongoka yomwe anthu a m'dera amangodziwumbira, yosaoneka usiku, ndipo imaswa sampu ya Vitz chimodzimodzi ndi ya BMW. Lachiwiri kwa eni galimoto zothamanga okha, poti ambiri ndi anthu odziwika ndi opeza bwino. Sonkhanani, pemphani chilolezo, mupeze malo otchingidwa kunja kwa tauni, kukhale ambulansi ndi zipewa, muzikayesana kumeneko masana anthu akuonerera atalipira pakhomo, m'malo mwa Kenyatta Drive pakati pausiku. Amakaniko a ku Biwi tidzabwera ndi masipanala athu, ndipo ndikupempha kuti mudzaikenso mpikisano wa 1000cc, chifukwa ndikudziwa madalaivala angapo a Passo omwe akufunitsitsa kukuonetsani kanthu pamakona.

Makaniko wa ku Biwi,
Lilongwe